Musanakweze Manotsi pa IMSLP: Njira Yonse, Kuyambira pa Bukulo Mpaka pa Fayilo

Mwezi sutha osalandira funso ili kuchokera kwa mnzathu watsopano pa IMSLP: "Bach anamwalira mu 1750, nanga bwanji fayilo yanga aikana?" Ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi kuti amene akubwera m'mbuyomu apeze poyambira. Ntchito imeneyi ndimaikonda, ndipo zimandipweteka kuona munthu atatha masiku atatu akusikana buku la masamba 200, kenaka n'kuuzidwa kuti silingaikidwe. Ambiri zikawachitikira sabweranso.

Kwa amene simukuidziwa bwino, IMSLP ndi laibulale ya pa intaneti yosunga manotsi a nyimbo zachikale, zimene umwini wake unatha. Anaiyambitsa ndi Edward Guo mu 2006, adakali pasukulu ya zoimbaimba ya New England Conservatory ku Boston. Dzina lake lina ndi Petrucci Music Library, pokumbukira Ottaviano Petrucci, amene anasindikiza buku la nyimbo za mawu angapo ku Venice mu 1501. Pafupifupi chilichonse chimene chili mmenemo chinaikidwa ndi anthu odzipereka ngati inu ndi ine. Mu Okutobala 2007 laibulaleyi inatsekedwa kampani ya Universal Edition ya ku Vienna itadandaula za nyimbo zimene zinali zomasuka ku Canada koma zotetezedwa ku Ulaya, ndipo inatsegulidwanso pakati pa 2008. Mbiri imeneyi muisunge m'mutu. Ounika mafayilo akamakhwimitsa zinthu si nkhanza ayi, akudziwa chimene chinachitikapo.

Mawu awiri amene mudzakumane nawo paliponse. Copyright ndi umwini umene lamulo limapatsa munthu pa chimene wapeka, kuti wina asachikope popanda chilolezo. Public domain ndi pamene umwiniwo watha nthawi, ndipo chinthucho chasanduka cha aliyense. M'malangizo ano ndizingoti "chomasuka".

1. Yambani mwafufuza ngati chilipo kale

Musanatsegule n'komwe makina osikanira, pitani pa tsamba la wopeka nyimboyo mukaone. Musafufuze ndi dzina la nyimbo lokha, chifukwa nyimbo imodzi imatha kukhala ndi dzina la Chijeremani, la Chifalansa ndi la Chingerezi. Gwiritsani ntchito nambala ya m'kaundula. Nyimbo za Bach zili ndi BWV, za Mozart zili ndi K kuchokera kwa Köchel amene anazindandalika mu 1862, za Schubert zili ndi D kuchokera kwa Deutsch, za Haydn zili ndi Hob. Opeka ena ambiri ali ndi Op., chidule cha opus, kutanthauza ntchito.

Mukapeza kuti nyimboyo ilipo, musafulumire kusiya. Onani wosindikiza. Ngati lanu ndi la wosindikiza wina kapena mkonzi wina, ndi lofunikabe, pakuti oimba ndi ofufuza amayerekeza mabuku osiyanasiyana. Ngati ndi lomwelo koma limene lilipo ndi losaoneka bwino kapena likusowa masamba, lanu lithandiza. Koma ngati ndi lomwelo ndipo likuoneka bwino, nthawi yanu muiwonongere china.

2. Lembani mayina a anthu onse amene anagwirapo bukulo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa ndi chiganizo chimodzi chakuti "onetsetsani kuti ndi chomasuka". Ine ndikhalitsapo.

Chimene mwagwira m'manjacho si nyimbo ya Bach yokha. Ndi buku limene anthu angapo anaikapo dzanja, ndipo aliyense amene anawonjezapo nzeru zake ali ndi umwini wakewake, umene umawerengedwa kuchokera pa imfa yake iyeyo. Tengani pepala, tsegulani tsamba loyamba ndi tsamba limene nyimbo yayambira, ndipo mulembe:

wopeka nyimbo, wolemba mawu ngati ndi yoimba pakamwa, womasulira mawuwo ngati ali m'zinenero ziwiri, amene anaisintha kuti iimbidwe pa chida china, amene anachepetsa nyimbo ya gulu lonse kuti ikwane pa piyano, mkonzi, amene anaika manambala a zala, wolemba mawu oyamba, ngakhale wojambula chithunzi cha pachikuto.

Mayinawa nthawi zambiri amabisala m'timawu tachilendo. Pa mabuku a Chijeremani "herausgegeben von" ndi mkonzi, "bearbeitet von" ndi amene anaisintha, "Fingersatz" ndi manambala a zala, "Klavierauszug" ndi yochepetsedwa ya piyano. Pa Chifalansa yang'anani "revu par" ndi "doigté". Pa Chitaliyana "revisione di" ndi "riduzione". Musadumphe kadzina kakang'ono kamene kali kudzanja lamanja pamwamba pa mzere woyamba. Kawirikawiri n'komwe kamagwetsa fayilo.

Nachi chitsanzo chimene ndimakonda kupereka. Puccini anamwalira mu 1924 asanamalize opera (sewero loimba) yake ya Turandot. Anaimaliza ndi Franco Alfano, amene anamwalira mu 1954. Mawu ake analemba ndi Giuseppe Adami, amene anamwalira mu 1946, ndi Renato Simoni, amene anamwalira mu 1952. Munthu woyang'ana Puccini yekha akanati zonse zinamasuka kalekale ku Ulaya, chonsecho gawo la Alfano linafunika kudikira mpaka 2025. Buku limodzi, anthu anayi, zaka zinayi zosiyana.

Nkhani ya manambala a zala anthu amaiona ngati yaing'ono. Timanambala 1 mpaka 5 timene tili pamwamba pa manotsi tinaganiziridwa ndi munthu, ndipo ngati munthuyo anamwalira posachedwapa, tili ndi mwini wake. Ndiye yankho la funso lija la Bach nthawi zambiri ndi limeneli: Bach ndi womasuka, koma amene anaika zala m'buku lanulo si womasuka.

Pa dzina lililonse pezani chaka cha imfa. Makatalogi a malaibulale akuluakulu a mayiko amakhala ndi zaka zimenezi, ndipo tsamba la pa intaneti la VIAF limawasonkhanitsa pamodzi. Chenjerani ndi anthu a mayina ofanana. Kuli a Johann Strauss awiri otchuka, bambo ndi mwana, ndipo Richard Strauss, amene anamwalira mu 1949, si m'bale wawo. Mukalephera kupeza chaka cha imfa, lembani kuti simunachipeze. Musalote.

3. Werengerani zaka za madera atatu

Ounika amayang'ana malamulo a Canada, a United States ndi a European Union, ndipo chinthu chimatha kumasuka kumodzi n'kukhala chotsekeka kwina.

Ku European Union ndi zaka 70 munthu atamwalira, ndipo zimawerengedwa mpaka kutha kwa chaka. Prokofiev anamwalira mu Malichi 1953, koma nyimbo zake zinamasuka pa 1 Januwale 2024, osati mu Malichi 2023. Sibelius anamwalira mu 1957, ndiye kuti ndi 2028.

Ku Canada kwa nthawi yaitali zinali zaka 50. Pa 30 Disembala 2022 anazikweza kufika 70, koma zimene zinali zitamasuka kale sizinabwezedwe. Chosavuta kukumbukira ndi ichi: amene anamwalira mu 1971 kapena m'mbuyo mwake ndi womasuka ku Canada, amene anamwalira kuyambira 1972 adikira zaka 70. Stravinsky anamwalira mu 1971, choncho anangopulumukira pakhomo. Ku Canada ndi womasuka kuyambira 2022 pomwe ku Ulaya adikira mpaka 2042. Shostakovich anamwalira mu 1975, ndipo ku Canada samasuka mpaka 2046. Malangizo akale ambiri amene akuyendayenda amanenabe zaka 50, ndiye samalani.

Ku United States, pa mabuku akale, sayang'ana imfa koma chaka chimene chinthucho chinasindikizidwa koyamba, n'kuwonjezapo zaka 95. Zosindikizidwa mu 1929 zinamasuka pa 1 Januwale 2025, ndipo chaka chilichonse mzerewu umasuntha ndi chaka chimodzi. Zosindikizidwa pambuyo pa mzerewu zili ndi malamulo ena ambiri, onga ngati mwini wake analembetsanso umwini komanso ngati umwini wa mabuku akunja unabwezeretsedwa mu 1996. Zimenezo musazigamule nokha. Perekani zimene mukudziwa, ounika adzaona.

Palinso mawu akuti urtext. Awa ndi mabuku amene akatswiri anakonza poyerekeza zolemba pamanja za wopeka ndi mabuku oyambirira, n'cholinga chobwezeretsa zimene iye mwini analemba popanda kuwonjezapo. Lamulo la ku Germany limateteza mabuku oterewa kwa zaka 25 kuchokera pamene asindikizidwa, ndipo laibulale yathu imatsatira malire omwewo. Koma zaka 25 zikatha musaganize kuti buku lonse lamasuka. Mawu oyamba, ndemanga za mkonzi kumapeto ndi manambala a zala zimawerengedwabe ndi imfa ya amene anazilemba.

4. Pezani chaka chimene bukulo linasindikizidwa

Osindikiza nyimbo a zaka za m'ma 1800 sankakonda kulemba chaka. Ankafuna kuti buku ligulitsidwe kwa zaka zambiri osaoneka lakale. Ndiye muyenera kuchita ngati wofufuza milandu, ndipo kunena zoona gawo limeneli ndi limene limandisangalatsa kuposa onse.

Yang'anani pansi penipeni pa tsamba lililonse la manotsi, pakati. Mupeza kanambala, nthawi zina ndi zilembo patsogolo pake. Imeneyo ndi plate number, nambala ya chitsulo chimene ankazokotapo manotsi asanadinde pa pepala. Wosindikiza aliyense ankapereka manambalawa motsatana, choncho mukadziwa wosindikiza ndi nambala, mukhoza kuyandikira chaka. Pa IMSLP pali masamba a osindikiza ambiri okhala ndi mndandanda wa manambalawa ndi zaka zake, ndipo anzathu odzipereka ndi amene akhala akuwadzaza pang'onopang'ono. Zilembozo nazonso zimalankhula: U.E. ndi Universal Edition, imene inayamba mu 1901, V.A. ndi Volksausgabe ya Breitkopf & Härtel; B.W. yotsatana ndi nambala yachiroma ndi mabuku a Bach-Gesellschaft, amene anayamba kutuluka ku Leipzig mu 1851.

Cholakwika chofala: kusokoneza nambala ya pachikuto ndi nambala ya pansi. Pa mabuku a Edition Peters, nambala imene ili pachikuto chobiriwira chija ndi ya m'katalogi yogulitsira, ndipo ndi yosiyana ndi ya chitsulo. Lembani zonse ziwiri, iliyonse pamalo pake.

Nambala ikakusiyani m'malere, pali zizindikiro zina. Mtengo wolembedwa pachikuto: ngati buku la ku Germany likutchula ndalama za Thaler kapena Ngr., ndi la nthawi imene ndalama ya Mark inali isanalowe m'malo mwake chapakati pa zaka za m'ma 1870. Dzina la mzinda: St. Petersburg inakhala Petrograd mu 1914, kenaka Leningrad mu 1924. Mawu akuti "Copyright" ndi chaka pansi pa tsamba loyamba anayamba kuoneka pa mabuku a ku Ulaya kuchokera mu 1891, pamene United States inayamba kuteteza ntchito za anthu akunja. Mukaona West Germany, ndiye kuti pepalalo linadindidwa 1949 itadutsa. Mukaona nambala ya ISMN, yoyamba ndi M kapena 979-0, ndiye kuti ndi la zaka za m'ma 1990 kapena pambuyo pake. Zotsatsa malonda za kuchikuto chakumbuyo nazo zimathandiza, chifukwa buku silingatsatse nyimbo imene inali isanapekedwe.

Pa mabuku a mayiko olankhula Chijeremani pali chida china champhamvu, Hofmeister Monatsberichte, mndandanda umene unkatuluka mwezi ndi mwezi kuyambira 1829 wolengeza nyimbo zongosindikizidwa kumene. Mukapeza buku lanu mmenemo, mwapeza chaka ndi mwezi womwe.

Tsopano siyanitsani zinthu ziwiri: chaka chimene manotsi anazokotedwa ndi chaka chimene pepala linadindidwa. Makampani monga Dover ndi Kalmus anadziwika ndi kujambula mabuku akale a ku Ulaya n'kuwadindanso. Buku likhoza kukhala logulidwa dzana, koma masamba ake a manotsi ndi a m'ma 1880. Lotero likhoza kulandiridwa, pokhapokha mutachotsa zimene wodindanso anawonjeza, monga chikuto chatsopano, chizindikiro cha kampani, mawu oyamba ndi zomasulira zatsopano, ndipo mutchule wosindikiza woyambayo. Vuto ndi lakuti odindanso ena ankafufuta nambala ya pansi ija. Zikatero yerekezani masamba anu ndi mabuku akale amene ali kale mulaibulale: onani pamene mzere uliwonse wathera ndi kalembedwe ka zilembo. Zikafanana tsamba ndi tsamba, mwapeza gwero.

Zimachitikanso mosemphana. Nambala ya pansi ndi yakale, koma mkonzi wina anabwera patapita zaka makumi angapo n'kuwonjeza zizindikiro zake pa zitsulo zomwezo. N'chifukwa chake gawo lachiwiri lija silidumphika ngakhale nambala ikuoneka yokalamba.

Ngati mwangopeza chaka chongoyerekeza, nenani choncho. Kulemba "n.d." kutanthauza kuti bukulo lilibe chaka, n'kuika chaka chimene mwapeza pambali, kumathandiza wounika kuposa kulemba chaka ngati chotsimikizika.

5. Sikanani

Pokhapokha magawo anayiwa atayenda bwino ndi pamene muyatse makina. Pa manotsi osindikizidwa, sankhani 600 dpi (timadontho 600 pa inchi), zakuda ndi zoyera zokhazokha. Fayilo imakhala yaing'ono, mizere isanu ija imatuluka yakuthwa, ndipo woimba akaisindikiza pa pepala imawerengeka patali. Mitundu isungireni zolemba pamanja, zikuto zokongola, ndi masamba amene inki yake inazilala moti zakuda ndi zoyera zingameze timadontho.

Bukulo ligone bwino pagalasi. Mthunzi wa pakati pa buku umadya chiyambi cha mzere, pomwe pali clef ndi zizindikiro za kiyi, ndipo tsamba lopanda zimenezo ndi lopanda ntchito. Ngati bukulo ndi lofooka moti lingathyoke msana, musalikakamize. Lijambuleni kuchokera pamwamba ndi kamera yokhazikika pamalo amodzi, kuwala kukuchokera mbali zonse ziwiri. Zithunzi za foni yogwira pamanja zimapindika mizere.

Sikanani tsamba la mutu ndi tsamba lililonse lokhala ndi dzina la wosindikiza. Anthu ambiri amazisiya poganiza kuti si nyimbo, koma ndi umboni umene wounika akufuna.

6. Konzani masamba, koma musapitirire muyeso

Wongolani masamba opendekeka, dulani m'mphepete mwakuda, fananitsani kukula kwa masamba onse. Pulogalamu yaulere ya ScanTailor imachita zimenezi bwino. Podula musadule nambala ya pansi ija kapena nambala ya tsamba.

Chenjerani ndi batani lochotsa timadontho. Kompyuta sidziwa kusiyanitsa kachitsotso ndi kadontho ka staccato, kapena kadontho kotalikitsa noti. Ineyo ndinawonongapo sonata yathunthu mwanjira imeneyi, ndipo ndinazindikira woimba wina atandilembera kuti tizigawo tina ta nyimboyo (bars) sitikukwana kawerengedwe. Ndinayambiranso. Chimodzimodzi ndi njira zina zochepetsera fayilo, makamaka JBIG2 ya mtundu wotaya zina, imene imatenga zizindikiro zofanana n'kuziyesa chimodzi. Pa manotsi, sharp ikhoza kusanduka natural popanda wina kuzindikira. Sankhani njira yosataya kanthu, monga CCITT Group 4.

Zolemba za pensulo za mwini buku wakale mukhoza kuzifufuta ngati mukutsimikiza kuti si zosindikizidwa. Koma musakonze noti imene mukuiona ngati yolakwika. Ntchito yanu pano ndi kusunga bukulo monga lilili. Cholakwikacho chitchuleni m'mawu ofotokozera fayilo.

Mukapanga PDF, iwerengeni kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza muli ndi bukulo pambali. Masamba awiri omatirirana amadumphika mosavuta. Ngati ndi nyimbo ya zida zingapo, gawo la chida chilichonse likhale fayilo yakeyake, ndipo muone ngati zida zonse zilipo.

7. Kwezani ndi kudzaza zonse zimene mwapeza

Tsegulani akaunti, pitani pa tsamba la nyimboyo, ndipo ngati palibe mulipange pansi pa dzina la wopeka, potsatira mmene mitu ya nyimbo zake zina yalembedwera. Nyimbo yosinthidwira chida china imapita pa tsamba la nyimbo yoyambayo, m'chigawo cha zosinthidwa, osati pa tsamba latsopano. Dzazani mkonzi ndi zaka zake, mzinda, wosindikiza, chaka, nambala ya chitsulo, ndi kumene fayilo yachokera. Ngati munaitenga ku laibulale ina imene inasikana yokha, itchuleni. Musalembe dzina lanu pa ntchito ya ena.

Ngati manotsiwo mwawalemba nokha pa kompyuta ndi pulogalamu ya MuseScore kapena LilyPond, mwini wa kalembedweko ndi inu, ndipo mudzafunsidwa kusankha chilolezo cha Creative Commons. Werengani bwino musanasankhe, chifukwa chilolezo chimenechi mukapereka sichibwezedwa. Nenaninso buku limene munakoperamo. Kulembanso pa kompyuta buku lotetezedwa sikulimasula. Ngati mwakopera zala ndi zizindikiro za mkonzi wamakono, vuto lija mwalisamutsira m'fayilo yatsopano.

8. Dikirani wounika, ndipo muyankheni

Fayilo yatsopano imayamba yadikira kuti wounika aione. Nayenso ndi wodzipereka, akuchita zimenezi pa nthawi yake yopuma, choncho musakwezenso fayilo yomweyo kachiwiri poganiza kuti yasowa. Akakufunsani funso, yankhani ndi umboni: chithunzi cha tsamba la mutu, kumene mwapeza chaka cha imfa, mzere wa mu Hofmeister. Akaikana, funsani kuti ndi dzina liti kapena chaka chiti chimene chavuta. Nthawi zambiri kuchotsa masamba awiri a mawu oyamba kumakwanira. Ngati vuto ndi mkonzi amene zaka zake sizinakwane, lembani chaka chomasukacho pa dzina la fayilo, muisunge pabwino, ndipo mufufuze ngati nyimbo yomweyo ili ndi buku lina lakale limene palibe amene walisikana.